Chaka Chimene Injini Inasiya Kukodza

Anthu akamakumbukira njala ya 2002 amayamba ndi mtengo wa chimanga. Ine ayi. Ine ndimayamba ndi injini ya boti imene inkakhala pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu kuno kwa Nazombe, kumene madzi amene tinkawadziwa anali a pa mjigo basi. Mwana wanga Tereza anali ndi zaka zinayi chaka chimenecho, ndipo kuti akhale moyo kapena afe zinadalira chitsulo chimenecho.

Okutobala

Amuna anga, a Makwinja, sanabadwire kunyanja. Anali mlimi ngati tonsefe, mkamwini wochokera kwa Mkhumba, koma mtima wawo sunkakhazikika pa khasu. Atagulitsa fodya zaka ziwiri zotsatizana anapita ku Swang'oma, kunyanja ya Chilwa, n'kukagula boti la matabwa ndi injini yakale kwa munthu wina amene anali atatopa nazo. Ankaolotsa anthu ndi matemba. Boti linkagona kudoko, koma injini ayi, akuti akuba. Akamabwera kumudzi ankaimangirira pa njinga n'kuikankha tsiku lathunthu, kufika nayo kuno thukuta lili kamukamu. Anakhoma thabwa pa mtengo wa mango n'kumaikoloweka pamenepo masana, dzuwa likalowa n'kuilowetsa kuchipinda. Ine ndinkati ndi mkazi mnzanga. Nsalu imene ankaipukutira, ine sanandigulirepo yotero.

Ndiye kukabwera mlendo, eee! Asanamwe ndi madzi omwe, "Tiyeni kuseri mukaone." Kukoka chingwe kamodzi, kawiri, injini ija n'kulira pamtengo pomwepo, utsi tolo, nkhuku balala. Ankailiza pang'ono n'kuzimitsa. Kwathu kuno makina amene tinkawadziwa anali chigayo ndi njinga yamoto ya alangizi, ndipo zonsezo zimalira pamtunda popanda kudandaula. Palibe amene ankaona cholakwika.

Tereza ankaitcha tututu. Ikangolira ankathamanga kukaitana Yohane, mwana wa nyumba yoyandikana nafe, awiriwo n'kumavina m'utsimo. Mai a Yohane anali wamasiye, mwana anali yekhayo. Ine ndi iwo tinkasinja mu mtondo umodzi, moto tinkapalirana.

Chaka chapitacho mvula inachuluka, minda inamira, chimanga chinachita chikasu chisanabereke. Pofika Okutobala ndinali nditalowa kale m'nkhokwe ndi tsache.

Novembala

Mvula inagwa, tinabzala. Amene anali ndi mbewu anabzala, ndinene choncho, chifukwa ena anatsuka mbewu ija ya mankhwala ofiira n'kupita nayo kuchigayo. Ganyu wa tsiku lonse ankalipira kambale ka madeya. Ku Chiringa ndowa ya chimanga inkakwera mtengo msika uliwonse, mbuzi n'kumatsika. A Makwinja anapita kunyanja n'kubwerako chimanjamanja. Panalibe wokwera boti, panalibenso wogula nsomba. Ndani angagule ndiwo alibe chodyera? Injini inabwerera pa mango.

Disembala

Tinadya mango osapsa, ophika. Atatha tinalowa ku kalongonda, nyemba zija zofunika kuwiritsa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, ukafulumira zimakuzunguza mutu. Kumsika wa boma anthu ankagona pamzere, kukacha n'kuuzidwa kuti lole sinabwere. Mphekesera ndiye zinali zambiri kuposa chakudya. Ena akuti chimanga cha m'nkhokwe zikuluzikulu chinagulitsidwa kunja. Ena akuti chikubwera pa sitima. Ena akuti wakuba chimanga chachiwisi kwinakwake amudula khutu. Khirisimasi tinadyera nkhwani wopanda mchere.

Ana anasiya kuthamanga. Ndi chimene ndinayamba kuona. Tereza ndi Yohane ankangokhala pansi pa khonde, kuyang'ana nyerere.

Januwale

Mapazi a Tereza anatupa, tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Ndinamubereka kupita naye kuchipatala. Anamwino anadina phazi lake ndi chala, pochotsa chala dzenje linatsala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu alibe matenda. Ufa wa phala la ana watithera. Mukapeze chakudya, musachedwe." Mai a Yohane anali pambuyo panga pamzere, nawonso anauzidwa zomwezo.

Musachedwe! Ngati chakudya chinali pa alumali ine n'kumachita ulesi kuchitenga.

Sabata yomweyo kunamveka kuti tsidya la nyanja, ku Mozambique, kuli midzi imene inakolola bwino ndipo ikusinthanitsa chimanga ndi katundu. Misika ya m'malire ya kufupi kuno anthu a njinga anali ataiseseratu, ndipo mitsinje inali yodzaza. Njira yotsala inali ya pamadzi. Mudzi wonse unatembenukira kuseri kwa nyumba yathu.

Anthu anayamba kubweretsa zimene anali nazo. Wina wailesi, wina malata awiri ochotsa padenga, wina nsapato za ku tchalitchi. Mai a Yohane anabweretsa mbuzi yawo yotsiriza, yaikazi. Ena anasonkha za petulo. Koma munthu sangapereke denga lake asanaone chimene akudalira, ndiye aliyense pofika ankati, "Tailizani timve, mwina inafa kale." A Makwinja n'kukoka chingwe. A Khoviwa, bambo wina wa pakamwa ngati belu amene anasankhidwa kuti apite nafe, anabwera kawiri kudzaimva. Kunena zoona, phokoso lija linkatipatsa mphamvu. Mudzi unali zii, matumba a chimanga kulibe, zigayo zili chete, koma kuseri kwathu kunali chinthu chimodzi chamoyo.

Febuluwale

Anthu a m'mudzi anagwirizana kuti ine ndipite nawo pa ulendo wa tsidya lija. Abale a mayi anga ali tsidya lomwelo, ndipo Chilomwe cha a Makwinja ndi cha moni chabe. Pa malonda a njala umafunika munthu woti akatchula dzina la agogo ake anthu amupatse mpando.

Tsiku loti mawa tinyamuka, masana, Tereza anali gone pa mphasa. Anali atasiya kulira. Mwana akamalira umadziwa kuti alipo, koma uyu ankangoyang'ana kudenga, maso ali gwa. Bambo ake anagwada, kumuitana, kumuwomba m'manja, iye osaphethira. Anamunyamula n'kupita naye kuseri. Ndinangomva chingwe.

"Bambo a Tereza, petulo ameneyo ndi wa anthu!" ndinakuwa ndili kukhitchini.

Nditafika ndinapeza amugwira mwana ndi dzanja limodzi, linalo lili pa chogwirira cha injini. Tereza anali atatembenuza mutu. Anakweza kadzanja, milomo ikuyenda, n'kumwetulira. Mwezi wathunthu ndinali ndisanaone mano ake. Mai a Yohane anatuluka ndi wawo m'manja, nayenso anadzutsa mutu. A Makwinja ataona zimenezo sanazimitse ngati masiku onse. Anaisiya ilire, ilire, kuiwonjezera moto, kuibweza, ana akuyang'ana. Kenako kunayamba kumveka fungo ngati patapata wagwera pa moto. Iwo anati ndi utsi chabe, n'kuzimitsa.

M'mawa mwake ndinamupereka Tereza kwa mai a Yohane pamodzi ndi kambale ka madeya kamene kanatsala.

"Pitani, achemwali," anatero. "Awiriwa ndi anga. Chimene ndipeze agawana. Koma Loweruka mukhale mwafika."

"Loweruka tafika," ndinalonjeza.

Tinayenda atatu, ine, a Makwinja ndi a Khoviwa, tikukankha njinga ndi kukoka mbuzi m'matope mpaka ku Swang'oma. Kutacha tinakweza njinga ndi katundu yense m'boti. Kwa amene simunakwerepo boti la injini, kumbali kwa injini kuli kabowo kamene kamatulutsa madzi. Injini imayamwa madzi a m'nyanja kunsi, madziwo amazungulira m'kati kuiziziritsa, ena n'kutulukira pa kabowoko. Anthu a kunyanja amati ikukodza. Ikamakodza bwino woyendetsa mtima uli m'malo. Tsiku limenelo inkakodza ngati nkhalamba, modukizadukiza.

"Kodi imatero?" ndinafunsa.

"Yakhalitsa osagwira ntchito. Izolowera."

Boti linali lopepuka, linkathamanga, tinaoloka bwino. Tsidya lija abale anandilandira, analira ataona mikono yanga. Malonda anayenda. Mbuzi ya mai a Yohane inabweretsa thumba lodzaza, ndinalisoka ndekha ndi ulusi wofiira kuti lisasokonekere. Tinatenganso makaka, chinangwa chouma chija. Lachisanu m'mawa ponyamuka boti linali litamira mpaka m'mphepete, madzi n'kuwakhudza utangotsitsa zala.

Ine ndinakhala pa matumba, kumbuyo, moyang'anana ndi injini. Maso anga sanachoke pa kabowo kaja. Boti lolemera limayenda ngati ng'ombe yotopa, injini ikubuula. Dzuwa litafika pamutu tinalowa m'njira ya m'mabango kuti tidule mtunda. M'menemo ndi momwe ndinaona madzi aja akuchepa, kenako kulavula, kenako kutuluka nthunzi yokhayokha.

"Bambo a Tereza, yasiya kukodza!"

Asanatembenuke n'komwe, kulira kwa injini kunasintha, kunakhala kouma, ndipo kunabwera fungo la penti wopsa. Anazimitsa msanga. Atachotsa chivundikiro kutentha kunatiwomba kumaso. A Khoviwa anatola chikho chokapira madzi, kutunga, kuti akhuthulire pa injini. A Makwinja anawamenya dzanja chikho n'kugwera m'boti.

"Mukaithira madzi ozizira ili chonchi ing'ambika mutu! Mukufuna tidyere Isitala muno?"

"Nanga tiziiyang'ana? Chinthu chikatentha amachithira madzi!"

"Khalani pansi, a Khoviwa, mugwedeza boti."

Tinadikira kuti izizire. A Makwinja anaipendeketsa kuti mwendo wake utuluke m'madzi. Timabowo toyamwira madzi tinali titamatidwa ndi udzu ndi matope. Mtima wanga unatsika, ndinati ndi zimenezi basi. Anakolopa ndi zala, kutsuka, kuibwezera m'madzi, kukoka chingwe. Inalira. Tonse atatu maso pa kabowo. Osatuluka ngakhale dontho. Anazimitsa.

Anathyola sipoko ya njinga n'kutokosa kabowo kokodzera. Munatuluka zoyera ngati phulusa, mchere wa m'nyanjamo, poti madzi a Chilwa ndi amchere. Anapopera ndi pakamwa. Kukoka chingwe. Palibe. Anatenga sipanala n'kumasula kachivundikiro pamwamba pa injini, kutulutsa kachitsulo kamene kamatsekula njira ya madzi injini ikatentha, amati themositati. Kanali katauma ndi mchere. Anati mwina kakana kutseguka, n'kukaponya m'thumba la malaya, kutseka popanda iko. Kukoka chingwe. Injini inalira bwinobwino ngati ikutiseka, koma youma. Anaika dzanja pamutu pa injiniyo n'kulichotsa msanga.

"Madzi sakukwera n'komwe," anatero. "Vuto lili kunsi."

"Ndiye masulani kunsiko!" anatero a Khoviwa.

"Sindinamasulepo. Ndipo ndikagwetsa bawuti m'madzi muno, zathera pompo."

Tinatenga nsungwi zokankhira. Koma anthu atatu odya nkhwani miyezi iwiri angakankhe boti la matumba? Nsungwi inkalowa m'matope n'kukana kutuluka. Mphepo inadzuka n'kutikankhira m'kati mwa mabango. Tinagona momwemo, udzudzu ukutidya.

Loweruka linatipeza pamenepo. Ndikanakhala ndi mawu ofotokozera Loweruka limenelo ndikanawanena. Ndinali nditakhalira chimanga. Chimanga chenicheni, pansi panga, chikundibaya m'matako, mwana wanga ali kumudzi akuyang'ana kudenga. A Khoviwa ankakukuta makaka osaphika. Anandipatsa, ndinaluma kamodzi n'kuwabwezera. Ndinkaona ngati ndikumubera Tereza. Ndinayamba kuyeza ndi maso ngati ndingatsike n'kuyenda m'madzimo ndi kathumba pamutu. A Makwinja anandigwira chitenje.

"Matope a muno amameza ng'ombe. Khalani."

Chakumadzulo tinaona utsi pamwamba pa mabango. Tinakankha, kukoka mabango ndi manja mpaka zikhatho kuchekeka, n'kufika pa chimbowera. Zimbowera ndi tizisakasa timene asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama, amakhala momwemo miyezi osaponda mtunda. Mwini wake anali bambo wina wa ndevu, a Likhutcha, amene kale ankayendetsa maboti. Sanali munthu wa moni wambiri. Anati kwada, tiona mawa.

Lamulungu m'mawa anakokera injini pa udzu paja, kuyala thumba pansi kuti mabawuti asatayike, n'kumasula mwendo. M'kati munali kabokosi, m'kabokosimo kagudumu ka labala. Anati kameneka ndi impela, kamakhala ndi mapiko, kakamazungulira ndi kamene kamakankha madzi kupita kumwamba. Anakaika pa chikhatho n'kutionetsa. Mapiko kanalibe. Panatsala tizitsa tonyezimira, tolimba ngati chikopa chowamba. Anakanunkhiza.

"Aka sikanadyedwe ndi matope," anatero. "Aka kanapsa. Injini iyi munailiza pamtunda."

A Likhutcha anatembenuza kagudumu kaja ndi chala.

"Labalayu amafuna madzi. Akazungulira pouma amadzikhula yekha mpaka kusungunuka. Kungoiliza pang'ono pokha amayamba kutha. Ndiye apa sipang'ono ayi, apa wina anaisiya ikulira. Anakugulitsani uja sanakuuzeni?"

A Makwinja anapukusa mutu. Anakhala pansi pa udzu wonyowa, manja pamutu. Ine ndinakumbukira fungo la patapata lija, ndi mano a Tereza.

A Khoviwa ndiye analusa. "Mwamva? Chibwana! Munthu wamkulu kusewera ndi chinthu cha mudzi wonse ngati wailesi! Ana athu akufa chifukwa cha matama anu!"

Apo ndiye magazi anandikwera. "Inu a Khoviwa, tsekani pakamwa! Amene anabwera kawiri kudzati tailizani timve ndani? Si inu? Munkaseka mpaka mano a m'mbali kuonekera. Mudzi wonse unaipha injiniyi, aliyense ndi khutu lake. Lero mukufuna mutu wa munthu mmodzi?"

Anang'ung'udza n'kutembenukira kumabango. Koma ine ndinkadziwa, a Makwinjanso ankadziwa, kuti kuliza kumene kunamaliza kagudumu kaja kunali kotsiriza kuja.

Impela yatsopano, a Likhutcha anati, mwina ku Zomba, mwina ku Limbe. Ndinawagwadira. Ndinati bambo, ndasiya mwana wotupa mapazi, ndinalonjeza dzulo. Iwo anafunsa ngati tili ndi chubu cha njinga ndi pampu.

"Ngati madzi sangakwere okha, muziwathira kuchokera kumwamba," anatero. "Koma pakufunika munthu wosatopa."

Ntchito inatenga tsiku lonse. Zidutswa za mapiko aja zinali zitakwera n'kutseka njira za madzi m'kati mwa injini. Ankapopa ndi pampu ya njinga mbali iyi, kutokosa ndi sipoko mbali inayo, tizidutswa takuda n'kumatuluka kamodzikamodzi. A Makwinja ankatitola n'kutiyala pa chikhatho kuti aone ngati mapiko onse akwana. Atamaliza, a Likhutcha anabwezera mwendo, n'kudula chubu cha njinga yathu. Mbali imodzi anaimangirira pa bowo la pamwamba paja pamene panali themositati, ina kunsi kwa chigubu chimene anachidula pakamwa. Chigubucho anachimanga pa nsungwi yoimika kumbuyo kwa boti, pamwamba pa injini. Pakamwa pa chigubu anati pakhale nsalu yosefera matope. Ndinavula duku.

"Moto wochepa," a Likhutcha anawauza a Makwinja. "Dzanja lisachoke pamutu pa injini. Ikafika poti simungapirire, zimitsani. Inu mayi, chigubu chikangouma mwaipha."

Tinanyamuka Lolemba kukucha. Ndinaimirira pa matumba, kutunga ndi chikho, kukweza, kuthira pa duku, kutunganso. Madzi ankatsika m'chubu, kudutsa mu injini n'kutulukira kunsi ali ofunda. Boti linkayenda ngati munthu wa pansi, koma linkayenda. Duku ikadzaza matope ndinkaikutumula ndi dzanja limodzi, linalo likuthirabe. A Khoviwa anandilandira, koma ankathira theka m'chigubu theka pa matumba, ndinawalanda. Mapewa anayaka moto, kenako ndinasiya kuwamva. Kawiri ndinaona mdima, ndinaluma mlomo. Ndinkati chikho ichi ndi cha Tereza, ichinso ndi cha Tereza. Dzanja la a Makwinja linali pamutu pa injini ulendo wonse. Chikhatho chawo chinatuluka matuza, sanachichotse.

Tinafika ku Swang'oma dzuwa likupendeka. Matumba ambiri tinawasiya kwa mnzawo wa a Makwinja kuti eni ake adzatenge. Pa njinga tinamanga lathu ndi la ulusi wofiira. Njinga yathu inalibe chubu, tinaikankha choncho pa limu, chitsulo chikugunda pansi.

Lachiwiri masana, titadutsa pa mjigo, ndinamva kulira. Kunkachokera kumene kuli nyumba zathu ziwirizo. Ndinasiya njinga igwe, ndinathamanga, sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Panjira panali masamba oyalidwa. Azimayi anali atakhala pabwalo pakati pa nyumba yanga ndi ya mai a Yohane, ndipo palibe amene anandiyang'ana kumaso. Ndinakuwa dzina la mwana wanga.

Mai a Yohane anali pakhonde pawo, atatsamira khoma. Kumbuyo kwawo kunali mwana. Anamasula chitenje pang'onopang'ono n'kundipatsa.

"Nayu wanu. Wadya m'mawa."

Tereza anali wopepuka ngati mtolo wa udzu, koma anali wofunda. Anatsegula maso.

"Yohane anasiya kumeza Lamulungu," anatero. "Ndiye gawo lake ndimamupatsa uyu. Watisiya dzulo madzulo."

Ndinagwa pamapazi awo. Iwo sanalire, ankangoyang'ana kunjira kumene a Makwinja ankabwera akukankha njinga ya matumba awiri. Thumba la ulusi wofiira ndi limene anthu anadya pa maliro.

Malichi

Pakamwa pa a Khoviwa sipanachedwe. Sabata isanathe mudzi wonse unadziwa za kagudumu kopsa, ndi za tsiku limene kanapsa. Za kubwera kwawo kawiri sanatchule. Anthu anatenga matumba awo, anadya, anapulumuka, koma podutsa pakhomo pathu ankayang'ana kumbali.

Mai a Yohane sanatinenere mawu oipa ngakhale amodzi. Bwenzi atatukwana, zikanapepuka. Anangosiya kubwera. Moto ankakapala nyumba yachitatu. Ndikawapititsira ufa ankalandira ndi manja awiri, "Zikomo," n'kutseka chitseko. Ine ndikamamwetsa Tereza phala ndinkalowa naye m'nyumba, kuopa kuti angamve kulira kwa supuni.

Tereza anachira mochedwa. Poyamba phala linkabwerera. Kenako kutupa kunaphwa, khungu linasupuka, anatsala mafupa okhaokha, n'kuyamba kulira usana wonse. Sindinasangalalepo ndi kulira kwa mwana ngati mwezi umenewo. Kumunda chimanga chinayamba kukhwima, tinkagona komweko kulondera, n'kumasinja chitibu, ufa wa chimanga chosauma. Injini a Makwinja anakaitenga kudoko n'kuiika kuchipinda, kuifunditsa chiguduli. Sankaipukutanso. Munthu uja wa nthabwala anasanduka wongoyankha inde ndi ayi.

Epulo

Tinakolola. Sizinali zambiri, poti tinapalira ndi njala, koma zigayo zinayambanso kulira. A Makwinja anapita ku Zomba ndi thumba la chimanga chatsopano n'kubwera ndi impela m'thumba la malaya. Anaiika okha, monga anaonera kwa a Likhutcha. Koma kuti aiyese, ayi.

Tsiku lina Tereza anayenda yekha, akugwira khoma, mpaka pa mango. Anamenya thabwa lija ndi kadzanja.

"Ababa, tututu."

Bambo ake anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu Tereza analira mpaka kudzigwetsa. Ndiye m'mawa wina ndinaona a Makwinja akugubuduza mgolo wobwereka, kuuimika pansi pa mango, kukoloweka injini mwendo uli m'kati. Anatenga ndowa yanga. Ndinati ndikatunge ndine, anakana. Mwamuna wamkulu, ndowa pamutu, kupita ku mjigo ndi kubwera, madzi akumutayikira m'khosi, azimayi akuseka m'zitenje. Tereza anakhala pa mphasa kudikira.

Madzi a mu mgolo atatsala pang'ono kufika pa timabowo toyamwira madzi, ndinawagwira mkono.

"Bambo a Tereza, ikalira imveka nyumba iyo."

Anaima. Anayang'ana chitseko cha mai a Yohane, anayang'ana mwana, n'kuika ndowa pansi. Tinangokhala chiimire, chingwe chikulendewera, Tereza akutiyang'ana wina ndi wina.

Mai a Yohane anatulukira kunjira ya ku mjigo, ndowa yawo pamutu. Anafika pakhomo pawo, osalowa. Anadutsa bwalo lija, kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, kubwera mpaka pa mango. Anasuzumira mu mgolo.

"Sanakwane," anatero. "Mabowo aja amire."

Anatula ndowa n'kukhuthula madzi onse. Kenako anamuyang'ana Tereza, amene anali atayamba kumera katsitsi kakuda.

"Lizani, mwana amve."

A Makwinja anakoka, chingwe chinawapulumuka kawiri. Kachitatu injini inalira. Tinadikira, tonse maso pa kabowo. Madzi anatuluka, mzere wowongoka, wamphamvu, kukagwera pa fumbi. Tereza anaimirira n'kuyamba kudumphadumpha pa timiyendo take, kenako anatembenukira ku nyumba ija monga ankachitira kale, pakamwa atatsegula kuti aitane. Sanaitane. Mai a Yohane anatola ndowa yawo yopanda kanthu n'kubwerera ku mjigo kukatunga ena.